Zolakwa za osewera zimene zinatulutsa South Africa m'chikho cha kiriketi cha 1999

Pa 17 Juni 1999, pa bwalo la Edgbaston mumzinda wa Birmingham ku England, timu ya kiriketi ya dziko la South Africa inatuluka mumpikisano wa chikho cha dziko lonse popanda kugonja m'masewero a tsikulo. Inalepherana ndi timu ya Australia, onse awiri atapeza 213. Inkangofunika kuwonjezera 1 yokha kuti ilowe m'ndime yomaliza, ndipo inali ndi mipira inayi yoti ipezeremo 1 imeneyo. Sinaipeze.

Mpaka lero anthu akamakamba za tsikulo amatchula dzina la Allan Donald, amene anaima kakasi thabwa lomenyera mpira litamugwa m'manja. Ena amatchula Herschelle Gibbs, yemwe masiku anayi m'mbuyomo anagwetsa mpira umene anali ataugwira kale. Anthu awiriwa analakwitsadi. Koma amene angawerenge bwinobwino kaundula wa masewerowo adzapeza kuti ngongole imene Donald anagwidwa nayo inayamba kukongoledwa ndi anzake kalekale, iye asanagwire n'komwe thabwa.

M'midzi ya m'malire, kuyambira ku Angónia ndi Tsangano mpaka ku Macanga ndi Chifunde, masewero odziwika ndi mpira wamiyendo. Kiriketi imamveka kwambiri kwa amene anakhalako ku Zimbabwe kapena ku Joni, ngakhale kuti dziko la Mozambique nalo lili ndi timu yake, imene mu 2019 inakasewera ndi Malawi mumpikisano wa Kwacha Cup. Choncho nkhaniyi iyambe ndi kaseweredwe kake.

Momwe amasewerera

Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11. Pakati pa bwalo pali kanjira kosalala kotalika mamita 20, ndipo kumapeto kwake konse kuwiri amazikako timitengo titatu. Timu imodzi imaponya mpira ndi kuutola, inayo imamenya. Omenya amalowa awiriawiri, wina kumapeto kuno, wina uko. Woponya amalunjika timitengo, womenya amatchinga ndi thabwa lake n'kuukankhira mpirawo kutali. Mpira ukapita poti otola sangaufikire msanga, omenya awiri aja amathamanga n'kusinthana malo. Akasinthana kamodzi apeza chimene amachitcha rani imodzi. Mpira ukagubuduzika mpaka kudutsa chingwe cha m'mphepete mwa bwalo ndi marani 4, ndipo ukadutsa chingwecho m'mwamba osagunda pansi ndi marani 6.

Womenya amatuluka mpira ukagwetsa timitengo take, ukawakhidwa m'mwamba usanagunde pansi, kapena akautchinga ndi mwendo pamene umalunjika timitengo. Amatulukanso ngati otola agwetsa timitengo iye akuthamanga, asanafike pamzere wa malo ake. Njira yomalizayi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa ndi imene inapha South Africa. Womenya akatuluka sabwereranso tsiku limenelo. Akatuluka anthu 10 timu yatha, pakuti wotsalayo alibe mnzake wothamanga naye.

Mipira 6 yoponyedwa ndi munthu mmodzi imatchedwa ova imodzi. M'masewero a tsiku limodzi timu iliyonse imapatsidwa maova 50, kutanthauza mipira 300, ndipo woponya mmodzi saloledwa kupitirira maova 10. Palinso masewero afupiafupi a T20, a mipira 120 yokha.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwake. Pa mpira wamiyendo, womwetsa zigoli akaphonya amapezanso mwayi wina pakapita mphindi zisanu. Pa kiriketi ya masiku asanu, timu iliyonse imamenya kawiri, ndipo amene walephera Lachinayi akhoza kudzikonza Loweruka. Koma pa masewero a maova owerengeka timu ili ngati banja limene layeza chimanga cha m'nkhokwe n'kudziwa kuti china sichibwera mpaka kukolola. Ili ndi mipira 300 ndi anthu 10. Mpira ukadutsa wopanda rani wapita, womenya akatuluka wapita, ndipo palibe kokabwereka. Chinanso n'chakuti chilichonse chimalembedwa ndi dzina la munthu: wakuti anapeza zakuti pa mipira yakuti, anamutulutsa ndi wakuti. Pa mpira wamiyendo kulakwa kumabisala m'gulu. Pa kiriketi kumakhala ndi mwini wake, ndipo n'chifukwa chake chala chimafulumira kuloza munthu mmodzi.

Tsiku limene Zimbabwe inawakwapula

Chikho cha 1999 chinali ndi matimu 12 m'magulu awiri. Atatu apamwamba m'gulu lililonse ankapita m'ndime yachiwiri ya matimu 6, ndipo lamulo linali lakuti timu inkanyamula mapointi amene inapeza posewera ndi anzake a m'gulu amene apita nawo limodzi. Kugonja kwa timu yoti nayo yapitirira kunali ngati bala limene umayenda nalo.

South Africa, motsogozedwa ndi Hansie Cronje komanso mphunzitsi Bob Woolmer, inapambana masewero anayi oyamba a m'gulu. Anthu ambiri ankaiwerengera kuti chikho ndi chake. Pa 29 Meyi inakumana ndi Zimbabwe ku Chelmsford, itadutsa kale m'gululo. Zimbabwe inapeza 233, Neil Johnson yekha atamenya 76. Johnson yemweyo anatenga mpira n'kutulutsa Gary Kirsten pa mpira woyamba weniweni. Posakhalitsa South Africa inali itataya anthu 6 ili ndi marani 40 okha. Shaun Pollock ndi Lance Klusener anayesetsa, aliyense anapeza 52, koma timu yonse inathera pa 185. Zimbabwe inapambana ndi marani 48.

Tsiku limenelo ambiri anangoti ndi ngozi yapanjira. Koma mapointi awiri amene South Africa inataya ku Chelmsford ndi omwe anadzasowa patsogolo. Ikanakhala nawo, ikanamaliza ndime yachiwiri ili pamwamba pa onse, ndipo kulepherana kwa ku Edgbaston, kukanachitika, kukanaikomera iyo. Omenya asanu ndi mmodzi amene analephera tsikulo satchulidwa kawirikawiri pa nkhani ya 1999.

Mpira wa Gibbs

Pa 13 Juni, pa bwalo la Headingley mumzinda wa Leeds, South Africa inakumana ndi Australia m'masewero otsiriza a ndime yachiwiri. South Africa inali itadutsa kale. Australia inali pakhomo potulukira: kugonja kunali kulongedza katundu. Amene ankayembekezera mwachidwi anali a Zimbabwe, omwe anali ndi mapointi 5. Australia ikanagonja ikanatsala ndi 4, ndipo Zimbabwe ikanalowa m'gulu la matimu anayi omaliza koyamba m'mbiri yake.

South Africa inamenya koyamba n'kupeza 271. Amene anamenya kwambiri anali Herschelle Gibbs yemweyo, ndi marani 101. Australia inayamba moipa, anthu atatu anatuluka ili ndi 48. Kenaka kaputeni wawo Steve Waugh ndi Ricky Ponting anayamba kumanganso. Waugh ali pa 56 anamenya mpira wa Klusener molakwika, n'kuulukira molunjika kwa Gibbs, amene anaima chapafupi. Unali mpira wosavuta, ndipo Gibbs anali mmodzi mwa otola odalirika kwambiri padziko lonse. Anauwakha. Koma anali ndi chizolowezi choponya mpira m'mwamba pokondwera akangougwira, ndipo tsikulo, pofulumira kukondwera, mpira unamupulumuka n'kugwa pansi.

Lamulo la kiriketi limati mpira wagwidwa pokhapokha wougwira ataulamulira kwathunthu. Oimbira masewero anaona kuti Gibbs anali asanatero, ndipo Waugh anakhalabe. Shane Warne, woponya wa Australia, anali atachenjeza anzake pamsonkhano masewero asanachitike kuti Gibbs amafulumira kuponya mpira m'mwamba, kotero akawakha asamachoke msanga. Anzake ena anamuseka. Pali mawu otchuka amene anthu amati Waugh anauza Gibbs pomwepo, onena kuti wagwetsa chikho cha dziko lonse, koma Waugh mwiniwake anakana kuti sanalankhule choncho.

Waugh anawonjezera marani 64 pambuyo pa kupulumukako, n'kumaliza ndi 120 osatuluka. Australia inapambana kutatsala mipira iwiri. Zimbabwe inatuluka osasewera tsikulo, ndipo Pakistan, Australia ndi South Africa onse anamaliza ndi mapointi 6. Powasiyanitsa anawerengera liwiro la kapezedwe ka marani poyerekeza ndi amene timu inapereka kwa adani ake. Pakistan inakhala yoyamba, Australia yachiwiri, South Africa yachitatu. Lamulo lina, limene ochemerera ambiri sankalilabadira, linkati matimu akalepherana m'ndime yotsatira, imene ili pamwamba pa mndandandawu ndi yomwe ipitirire.

Mlandu wa Gibbs ndi wolemera, ndipo palibe chifukwa choupeputsira. Sikunali kulephera kwa luso koma kwa khalidwe, chizolowezi chimene adani anachiona kale koma a timu yake sanachithetse. Komabe popanda 101 wake South Africa sikanafika pa 271, ndipo mpira utagwa, oponya anali akadali ndi maova pafupifupi 20 oti atulutsiremo Waugh. Sanathe.

Ku Edgbaston: ntchito ya oponya

Patapita masiku anayi matimu omwewo anakumananso, tsopano polimbirana malo m'ndime yomaliza. Cronje anasankha kuti timu yake iyambe kuponya, ndipo zinaoneka kuti wasankha bwino. Pollock anatulutsa Mark Waugh asanapeze kanthu. Donald, pa ova yake yoyamba, anatulutsa Ponting ndi Darren Lehmann. Jacques Kallis anatulutsa Adam Gilchrist, ndipo Australia inali pa 68 itataya anthu anayi. Steve Waugh ndi Michael Bevan anawonjezera marani 90 ali limodzi, Waugh anapeza 56, Bevan 65, koma otsalawo anagwa ngati mapesi. Australia yonse inathera pa 213, maova 50 asanakwane.

Pollock anatulutsa anthu 5 n'kupereka marani 36. Donald anatulutsa 4 n'kupereka 32 pa maova 10. Kallis anapereka 27 okha pa maova 10. Manambalawa ndi a anthu amene agwira ntchito yawo mokwanira, ndipo dzina la Donald lili pomwepo. Mbali inayo ya kaundula siikambidwa kwambiri: Steve Elworthy anapereka marani 59 pa maova 10 osatulutsa munthu, ndipo Klusener anapereka 50 pa maova 9, nayenso osatulutsa munthu. Awiriwa anapereka 109, kuposa theka la marani onse a Australia. Pa masewero amene anathera pa kusowa kwa rani imodzi, mpira uliwonse wotayirira pa maova 19 amenewo unali ndi mtengo wake.

Ngakhale zinali choncho, 214 sinali nambala yoopsa. Inkafuna marani anayi ndi pang'ono pa ova iliyonse.

Maova 9 amene anadya masewero

Kirsten ndi Gibbs anayamba bwino kwambiri. Pofika ova ya 12 anali ndi 48 popanda wotuluka. Apa n'kuti Steve Waugh atapereka kale mpira kwa Shane Warne.

Warne sankaponya mwaliwiro. Ankapotokola mpira ndi dzanja kuti ukagunda pansi ukhote, ndipo womenya akaulondola kumene ukuoneka kuti ukupita, umadzera kwina. Masiku amenewo anali atangochira phewa limene anachitidwa opaleshoni, ndipo ambiri ankati watha. Mpira umene anaponyera Gibbs unagunda pansi chakumiyendo, n'kukhota kudutsa thabwa, n'kukagwetsa kamtengo ka mbali inayo. Gibbs anatuluka ndi 30, ndipo pa mpira ngati umenewo palibe womenya amene angaimbidwe mlandu waukulu.

Za Kirsten n'zosiyana. Iye anali munthu wodziwika ndi kudekha, amene ntchito yake inali kukhala pamalo mpaka kumapeto. Mnzake atangotuluka, anayesa kumenya mpira wa Warne mwamphamvu chopingasa, anauphonya, timitengo tinagwa. Anapeza 18. Panalibe chomuthamangitsa, chifukwa timu inali patsogolo pa liwiro lofunika. Patangodutsa mipira iwiri Cronje naye anatuluka wopanda kanthu, atawakhidwa kumbuyo, ngakhale zithunzi za kanema zinaonetsa kuti mpira unagunda nsapato osati thabwa. Masiku amenewo kunalibe mwayi wopempha kuti chigamulo chiunikidwenso, choncho woimbira naye ali ndi gawo lake pa ngongoleyi.

Kenaka Daryll Cullinan, womenya waluso koma amene Warne ankamuzunza kwa zaka zambiri, anauma pamalo. Anakhala nthawi yaitali n'kungopeza 6, ndipo potsiriza anatuluka akuthamangira rani yokayikitsa, Bevan atalasa timitengo. Timu imene inali pa 48 popanda wotuluka inafika pa 61 itataya anayi.

Apa ndi poyenera kuima. Pa maova pafupifupi 9, South Africa inapeza marani 13 n'kutaya omenya anayi apamwamba. Pa liwiro limene linkafunika, maova amenewo akanabala marani oposa 35. Nkhokwe zonse ziwiri, ya mipira ndi ya anthu, zinadyedwa nthawi imodzi. Kanema wa masewerowa akamaonetsedwa, gawo limeneli amalidumpha msanga chifukwa mulibe chokopa maso, muli anthu ongotchinga mpira. Koma ngati pali malo amodzi amene masewerowa anatayikira, ndi amenewa.

Kallis ndi Jonty Rhodes anawonjezera marani 84 ali limodzi. Rhodes anapeza 43, Kallis 53 pa mipira 92. Liwiro la Kallis linali lochepa, koma sakanachitira mwina: munthu akamakonza nyumba yogumuka sathamanga. Onse awiri anatuluka ntchito isanathe, ndipo Warne anamaliza atatulutsa anthu anayi n'kupereka marani 29 okha. Pollock anamenya 20 mwachangu, naye n'kutuluka. Kutatsala maova awiri, South Africa inkafunika marani 18 ili ndi anthu atatu m'manja.

Pamalo panali Klusener, mnyamata wokulira pa munda wa nzimbe ku KwaZulu-Natal, amene anzake ankamutcha Zulu chifukwa cholankhula bwino chinenerocho. Mumpikisano wonsewo iye ndi amene ankapulumutsa timu omenya apamwamba akalephera, ndipo mwina timu inazolowera zimenezo mopitirira muyeso.

Ova ya 49 anaponya Glenn McGrath. Anagwetsa timitengo ta Mark Boucher. Elworthy anatuluka akuthamangira rani yachiwiri. Panatsala munthu mmodzi, Allan Donald, womenya wa nambala 11, kutanthauza wotsiriza pa luso lomenya m'timu yonse. Kenaka Klusener anamenya mpira m'mwamba molunjika kwa Paul Reiffel, amene anaima pafupi ndi chingwe. Reiffel akanaugwira, masewero akanathera pomwepo. Mpira unamugunda m'manja n'kudumphira kuseri kwa chingwe, marani 6. Klusener anatenga rani imodzi pa mpira wotsiriza kuti ova yomaliza aiyambe yekha.

Mipira inayi ya Fleming

Pankafunika marani 9 pa mipira 6, woponya ali Damien Fleming. Mpira woyamba Klusener anaumenya ngati chipolopolo, marani 4. Wachiwiri chimodzimodzi. Marani anafanana, 213 kwa 213, kutatsala mipira inayi. Koma kufananako kunali kupambana kwa Australia chifukwa cha mndandanda uja, choncho rani imodzi inkafunikabe.

Steve Waugh anaitana otola onse kuti ayandikire, atseke mipata ya rani imodzi. Mpira wachitatu Klusener sanaumenye bwino, unapita kwa Lehmann chapafupi. Donald anali atachoka kale pamzere wake kukonzekera kuthamanga. Lehmann anaponya mpira kulunjika timitengo n'kuphonya pang'ono, Donald akudzigwetsa kubwerera. Akanalasa, masewero akanatha.

Kupulumukako ndi kumene kunasokoneza mpira wotsatira. Donald, atangoona imfa ndi maso, maganizo ake onse anali pa kusachoka pamzere. Klusener maganizo ake anali pa kumaliza. Mpira wachinayi anaumenyanso mosakhutiritsa, unadutsa pafupi ndi woponya kulowera kwa Mark Waugh, ndipo Klusener ananyamuka nthawi yomweyo. Donald anali atatembenuka kuyang'ana mpira, nsana ataulozetsa kwa mnzake, ndipo m'phokoso la bwalo sanamve kuitana. Pamene amacheuka, Klusener anali atafika kale pambali pake, anthu awiri mbali imodzi. Mapanga awiri avumbwitsa: Donald anafuna kukhala, anafunanso kupita, thabwa linamugwa, n'kuyamba kuthamanga chimanjamanja. Mark Waugh anaponyera Fleming, Fleming anagubuduza mpira pansi kupita kwa Gilchrist, amene amagwira kumbuyo kwa timitengo, ndipo Gilchrist anatigwetsa Donald akadali kutali.

Aka kanali koyamba m'mbiri ya chikho cha dziko lonse kuti masewero athe molepherana. Australia inapitirira.

Wolakwa ndani pa mpira umenewo

Pa kiriketi pali mwambo wa kaitanidwe. Mpira ukapita kutsogolo kwa womenya, woitana ndi womenyayo, ndipo mnzake ayenera kumuyang'ana ndi kumumvera. Pa mwambo umenewu Donald analakwa, chifukwa maso ake anali pa mpira osati pa Klusener. Akananyamuka nthawi imodzi ndi mnzake, mwayi wofika unalipo ndithu, pakuti mpira unayenera kudutsa m'manja mwa anthu atatu.

Koma Klusener naye sangatsukidwe. Anali ndi mipira ina iwiri. Anali atangomenya marani 4 kawiri motsatizana pa woponya yemweyo, ndipo otola onse anali pafupi, kusiya bwalo lonse lakumbuyo lili pululu. Panalibe chomukakamiza kuthamangira mpira umene sanaumenye bwino, ndi mnzake amene anali atangopulumuka kumene. Zimene zinachitikazo zikuonetsa kuti awiriwa sanamvane chochita pambuyo pa mpira wachitatu, pomwe nthawi yoti akambirane inalipo. Komabe n'kovuta kudzudzula munthu amene anapeza 31 pa mipira 16 osatuluka, amene popanda iye timu sikanayandikira n'komwe.

Funso lalikulu ndi lakuti Donald ankafunanji pamalopo. Timu yofuna 214, yokhala ndi omenya ngati Kirsten, Cullinan, Cronje, Kallis ndi Rhodes, siyenera kufika podalira munthu wa nambala 11. Kirsten, Cullinan ndi Cronje onse pamodzi anapeza 24. Anthu atatu, Cullinan, Elworthy ndi Donald, anatuluka pothamanga, njira imene woponya sachita nayo kanthu, imene timu imadzipha yokha. Donald anali atachita kale ntchito imene anamusankhira. M'moyo wake wamasewero anatulutsa anthu 272 m'masewero a tsiku limodzi ndi 330 m'masewero a masiku asanu, koma chithunzi chimene anthu ambiri amamudziwa nacho ndi cha thabwa lili pansi. Kaundula wa tsikulo amati anapeza 0, ndipo sanalandire mpira ngakhale umodzi.

Mbali ya Australia nayo inali ndi olephera ake. Mark Waugh, Tom Moody, Reiffel ndi Fleming onse anatuluka opanda kanthu, Lehmann anapeza 1. Reiffel anasandutsa mpira wotulutsa munthu kukhala marani 6. Fleming anamenyedwa marani 8 pa mipira iwiri pa nthawi yoopsa kwambiri. Lehmann anaphonya timitengo ali pafupi. Donald akanangofika pamzere, dzina lotukwanidwa mpaka lero likanakhala la Reiffel. Zolakwa zawo zinali zazikulu mofanana ndi za anzawo, kungoti kupitirira kwa timu kunazikwirira.

Pa 20 Juni ku Lord's mumzinda wa London, Australia inatulutsa Pakistan yonse pa 132 n'kutenga chikho mosavuta. Inadzatenganso mu 2003 ndi mu 2007. Klusener anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mumpikisano wa 1999, ndi marani 281 komanso anthu 17 amene anawatulutsa. Malamulo anasintha pambuyo pake, ndipo masiku ano matimu akalepherana m'ndime zomaliza amapatsidwa ova imodzi yowonjezera aliyense kuti wopambana apezeke pabwalo pomwepo.

Kwa South Africa bala la 1999 linatsegukanso patapita zaka zinayi, pakhomo pawo penipeni. Pa 3 Malichi 2003, pa bwalo la Kingsmead ku Durban, inkasewera ndi Sri Lanka ndipo inkafunika kupambana kuti ikhalebe mumpikisano. Mvula inayamba kugwa. Mvula ikadula masewero, wopambana ankapezeka ndi masamu a njira ya Duckworth ndi Lewis, amene ankaonetsa marani oyenera kukhala nawo pa ova iliyonse. Uthenga umene unafika kwa omenya unali wakuti pofika kumapeto kwa ova ya 45 akhale ndi 229. Boucher anamenya mpira wa Muttiah Muralitharan marani 6 n'kufika pa 229 ndendende, ndipo mpira wotsiriza wa ovayo anangoukankha pang'ono osathamanga, poganiza kuti ntchito yatha. Koma 229 inali nambala yolepherana, yopambana inali 230. Masewero sanapitirire, ndipo South Africa inatulukanso chifukwa cha rani imodzi. Amene anaima mbali inayo ya kanjira, moyang'anana ndi Boucher, anali Klusener. Pollock, yemwe anali kaputeni pa nthawiyo, anachotsedwa paudindo patangopita masiku ochepa, ndipo m'malo mwake munalowa Graeme Smith wa zaka 22.